Vidiyo, chithunzi kapena ulendo wa ku Gulupu: vuto la pakhungu tilionetse bwanji?

Matenda a pakhungu amasiyana ndi matenda ena pa chinthu chimodzi: amaoneka. Malungo sungawajambule, kuthamanga kwa magazi sikutuluka pa chithunzi, koma chipere cha m'mutu mwa mwana, chilonda cha pamwendo, kapena matuza otuluka mbali imodzi ya chifuwa, zonsezi kamera ya foni imazigwira. N'chifukwa chake m'maiko ambiri ntchito yoona odwala ali kutali idayenda msanga pa matenda a pakhungu. Kuno ku Mulanje ndi Thyolo nkhaniyi yafika mwanjira yathuyathu. Pakhomo pali mnyamata wa foni ya WhatsApp, wachibale wa ku tauni watumiza nambala ya dokotala amene amalola kuona odwala pa vidiyo, ndipo banja layamba kuwerengera: tigule bandulo, kapena tisunge ndalamayo ikhale ya minibasi?

Funsoli si lachibwana. Akatswiri a matenda a pakhungu m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, ndipo ochepawo ali m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda, monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene timachitcha Gulupu kapena Queens. Munthu wa ku Thekerani, ku Muloza kapena kuseri kwa phiri akafuna kuwaona, tsiku lonse lapita, mwinanso awiri. Kwa wothyola tiyi nyengo ya dzinja, tsiku lojomba ndi ndalama yotayika. Ndiye foni ikabwera ndi lonjezo loti dokotala akuonani muli pakhonde panu, ndani angakane?

Maganizo anga ndiwanene poyambirira. Dokotala wa pakhungu amagwiritsa ntchito zinthu zitatu: makutu, maso ndi manja. Vidiyo imamupatsa makutu abwino ndi maso ofooka. Chithunzi chojambulidwa bwino chimamupatsa maso akuthwa koma sichiyankha mafunso. Manja ndiye palibe foni imene imawapereka. Posankha njira, funso lenileni ndi lakuti vuto lanulo likufuna chiti mwa zitatuzi.

Zimene vidiyo imachita bwino

Tiyerekeze agogo ali pakhonde ndi mdzukulu wa zaka zisanu, mnyamata wamkulu wagwira foni. Dokotala akuti, "Sendezani foni pafupi ndi dzanja lake. Ayi, mwayandikitsa kwambiri, bwererani pang'ono." Chithunzi chachita mbuu, kenako chaima, mawu okha ndiwo akumveka. Dokotala wasiya kulimbana ndi kamera, wayamba kufunsa.

"Agogo, mwanayu usiku amagona?"

"Sagona adokotala, n'kukanda kokhakokha mpaka kucha."

"Nanga enanu m'nyumbamo?"

"Tonse tikukanda. Amayi ake ndiye m'manjamu zilonda zokhazokha."

"Zayambira pati? Pakati pa zala? M'chiuno?"

"Eya, ndi m'khwapa momwe."

Apa dokotala watsala pang'ono kutsimikiza kuti ndi mphere, ndipo zomwe zamuthandiza ndi mayankho a agogo, kamera yangoperekeza. Kuyabwa kokula usiku, anthu angapo a nyumba imodzi, malo ake omwewo a pakati pa zala, pamfundo ya dzanja, m'chiuno ndi kumaliseche: nkhani yokhayo ikukwana. Iyi ndiyo mphamvu ya vidiyo. Dokotala amafunsa, kumva yankho, n'kufunsanso motsatira yankholo. Amatha kunena kuti "tembenuzani mwanayo ndione kumsana," kapena "ndionetseni chubu cha mankhwala amene mwakhala mukupaka." Amaonanso ngati wodwalayo ali wofooka, ngati akupuma movutika, zomwe chithunzi cha dzanja lokha sichinganene.

Vidiyo ndi yabwinonso pofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka mankhwala, ndipo pa mphere apa m'pamene anthu ambiri amagwera. Mankhwala opaka a benzyl benzoate, amene ambiri timangoti BB, sapakidwa pomwe pakuyabwa pokha. Amapakidwa thupi lonse kuyambira m'khosi kutsika, ndipo a m'nyumba onse ayenera kulandira chithandizo nthawi imodzi, ngakhale amene sanayambe kukanda, chifukwa munthu wogwidwa koyamba atha kukhala milungu inayi kapena isanu ndi umodzi asanamve kuyabwa. Zovala ndi zofunda zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa. Kwa ana aang'ono mankhwalawa amasungunulidwa, ndipo muyeso wake ndi wofunsa azaumoyo. Komanso kuyabwa kumatha kupitirira kwa milungu ingapo tizirombo titafa kale, ndiye munthu wosauzidwa amaganiza kuti mankhwala sanagwire, n'kumapakabe mpaka khungu kupsa. Zonsezi zimafuna mphindi khumi zokambirana modekha, zomwe pa mzere wa kuchipatala Lolemba m'mawa sizipezeka kawirikawiri.

Pomwe vidiyo ilibe mnzake ndi pa ulendo wachiwiri ndi wachitatu. Ngati dokotala adakuonani kale maso ndi maso, matenda adadziwika, mankhwala mudayamba, palibe chifukwa chokwerera kabaza ndi minibasi ziwiri kuti mukangonena kuti "zikusintha." Matenda okhalitsa, amene amazilala n'kubweranso, ndiwo amapindula kwambiri ndi njira imeneyi.

Kufooka kwake kuli pa maso. Netiweki ikafooka, foni imachepetsa ubwino wa chithunzi kuti mawu asaduke, ndipo zoyamba kusowa ndi zomwe dokotala akuzifuna: timamba ta m'mphepete mwa banga, timatuza tating'ono, kanjira kopyapyala kamene kachirombo ka mphere kamakumba. Dzanja logwira foni limanjenjemera, mwana sakhazikika. Pakhungu lakuda pali vuto linanso: kutupa kumene pa mzungu kumaoneka kofiira, pa ife kumaoneka kodera, kotuwa kapena kofiirira pang'ono, ndipo kusiyana kochepa kotereku kamera yotsika mtengo imakumeza. Onjezanipo nyengo yathu. Chiperoni chikagwa mu June kapena July, kunja kumakhala mdima wa nkhungu tsiku lonse, m'nyumba ndiye osanena. Ndipo vidiyo imafuna kuti inu, dokotala, netiweki ndi batire mukumane pa ola limodzi. Magetsi akazima dzulo lake, pangano lonse lafa.

Chithunzi chotumiza, kenako kuimba

Njira iyi imaoneka yachikale poyerekeza ndi vidiyo, koma kwa ife ndiyo ndimaiika patsogolo. Mumajambula nthawi imene kuwala kuli bwino, mumasankha zithunzi zooneka bwino, mumatumiza pomwe netiweki yapezeka ngakhale ndi pachulu, ndipo dokotala amaziona akapeza mpata, n'kuzikulitsa mmene akufunira. Bandulo yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya vidiyo. Mabungwe ngati Médecins Sans Frontières akhala akugwiritsa ntchito njira yomweyi polumikiza madokotala a kumidzi ndi akatswiri akutali: nkhani ya wodwala yolembedwa, zithunzi, kenako yankho.

Koma chithunzi chimathandiza ngati chajambulidwa mwanzeru, ndipo zambiri zomwe anthu amatumizirana sizithandiza. Tulukani panja, khalani pamthunzi wowala monga m'mphepete mwa khonde, osati padzuwa lenileni. Zimitsani fulashi, chifukwa imawalitsa khungu n'kubisa mtundu wake. Pukutani galasi la kamera ndi nsalu. Jambulani zitatu: china chapatali choonetsa kuti vutolo lili mbali iti ya thupi ndipo lafalikira bwanji, china chapakatikati, china chapafupi. Pa chapafupicho ikani chinthu chodziwika kukula kwake pambali, monga chitsekerero cha botolo kapena bokosi la machesi. Dinani pa sikirini pomwe pali bangalo kuti kamera ilunjike pamenepo. Ngati dzanja limodzi ndilo lili ndi vuto, jambulani onse awiri pamodzi kuti dokotala ayerekeze.

Chinthu chimene ambiri amaiwala ndi kusamba kaye. Khungu lopakidwa jivi limakhala la mtundu wa jivi basi, lopakidwa kalamaini limakhala loyera ngati laimu, la Vaseline limanyezimira. Dokotala sangaone chomwe chili pansi pake. Potumiza pa WhatsApp, sankhani HD kapena tumizani ngati document, chifukwa mukangotumiza mwachizolowezi chithunzicho chimapanikizidwa n'kutaya tinthu tating'ono.

Kenako lembani kapena jambulani mawu: zaka za wodwala, zidayamba liti, zidayambira pati, zimayabwa kapena kuwawa, ena m'nyumba ali nazo, mwapakapo chiyani, mukumwa mankhwala anji, ntchito yanu ndi yotani. Funso la ntchitoli si lamwambo chabe. Munthu wokhala m'magambutsi onyowa tsiku lonse m'munda wa tiyi amavutika ndi mafangasi a pakati pa zala za kumapazi, ndipo wopopera mankhwala m'munda kapena woponda simenti amatha kusuka m'manja chifukwa cha zomwe amagwirazo. Dokotala akaona zithunzi n'kukuimbirani pa foni wamba kwa mphindi zochepa, mwapeza maso a chithunzi ndi makutu a vidiyo pa mtengo wotsika. Ngakhale mutapangana za vidiyo, tumizani zithunzi tsiku lisanafike.

Zomwe zimafuna dzanja

Peyala lakupsa silidziwika ndi maso, umachita kulidina. Matenda ena a pakhungu ali chimodzimodzi, ndipo tsoka lake ndi loti angapo mwa iwo ndi a kwathu kuno.

Loyamba ndi khate. Anthu ambiri amaganiza kuti lidatha. Zoona zake n'zoti mu 1994 dziko lino lidafika pa mlingo wa odwala osakwana mmodzi pa anthu 10,000 alionse, koma odwala atsopano amapezekabe chaka ndi chaka. Khate limayamba ngati banga lotuwa, losayabwa, losawawa, ndipo pa chithunzi limafanana kwambiri ndi mawanga a mafangasi amene amatuluka pachifuwa ndi kumsana nyengo yotentha. Chowasiyanitsa ndi kachidutswa ka thonje. Wazaumoyo amakuuzani kuti mutsinzine, amakhudza ndi thonjelo pakhungu labwino kenako pabanga, inu n'kumaloza pomwe mwamva. Akakhudza pabanga inu osamva kanthu, nkhani yasintha. Kenako amapapasa mtsempha wa kuseri kwa chigongono ndi wa pafupi ndi bondo kuti amve ngati wanenepa. Wachibale atha kuyesera zathonjezo pa vidiyo dokotala akuyang'ana, koma mtsempha wonenepa amaudziwa ndi munthu amene adagwirapo yambiri. Mankhwala a khate ndi aulere, amamwedwa miyezi 6 kapena 12 kutengera mtundu wake, ndipo wopezeka msanga amachira wopanda chilema. Achikulire a ku Makwasa amakumbukira kuti chipatala cha Malamulo chidatchuka kale ndi ntchito yosamalira odwala khate, nthawi imene mankhwala amenewa kunalibe.

Lachiwiri ndi la m'maboma athu enieni. Thyolo ndi Mulanje ali m'gulu la maboma ochepa a m'dziko muno amene muli matenda a onchocerciasis, oyambitsidwa ndi nyongolotsi zofalitsidwa ndi tintchentche takuda toswana m'mitsinje yothamanga yotsika m'mapiri. Ndiwo matenda amene amatigawira mapiritsi a Mectizan chaka ndi chaka, aja amayeza msinkhu ndi ndodo kuti adziwe kuchuluka kwa mapiritsi. Amayabwitsa koopsa, amakhwimitsa khungu, pena amasiya mawanga oyera m'miyendo, ndipo akakula amawononga maso. Nyongolotsi zake zikuluzikulu zimakhala m'timibulu tolimba pansi pa khungu, kawirikawiri pa mafupa a m'chiuno, ndipo zimatha kukhala moyo zaka zoposa khumi. Timibuluto timapezeka popapasa. Apa mpomwe ndimakayikira dokotala wa pa intaneti amene ali kunja kwa dziko kapena amene sanagwirepo ntchito kuno: mukamuuza kuti thupi lonse likuyabwa, maganizo ake athamangira ku sopo kapena chakudya. Clinical officer wa pa boma pa Thyolo ayamba wafunsa kuti mumakhala pafupi ndi mtsinje uti ndipo Mectizan mudamwa liti.

Lachitatu likukhudza HIV. Thyolo ndi limodzi mwa maboma oyambirira kupereka ma ARV kumidzi, kuyambira mu 2003, ndipo azaumoyo a kuno adazolowera kuti khungu nthawi zambiri ndilo limayamba kuulula kuti chitetezo chatsika. Mashingozi pa munthu wachinyamata, nsungu zoyabwa zosatha m'mikono ndi m'miyendo, mawanga akuda okhuthala a khansa ya Kaposi kumapazi kapena m'kamwa, zonsezi zimafuna kuyezetsa magazi, ndipo magazi sayezedwa pa vidiyo. Pa Kaposi dokotala amafuna kudina mwendo kuti amve kulimba kwa kutupako, kuyang'ana kumwamba kwa m'kamwa ndi tochi, kupapasa mwanabele. Dokotala wabwino wa pa foni akaona zotere akuuzani kuti pitani kuchipatala, ndipo akakhala kuti wachita zokhazo, ndalama yanu sinapite pachabe.

Chachinayi ndi cha abale athu achialubino, amene kalembera wa 2018 adapeza kuti alipo 134,636 m'dziko muno. Dzuwa limawononga khungu lawo pang'onopang'ono, ndipo malo amene akufuna kusanduka khansa amayamba ndi kukhakhala, kumveka ku chala asanaoneke bwino ndi maso. Pa makiliniki a anthu achialubino, monga amene bungwe la Standing Voice limachititsa mogwirizana ndi unduna wa zaumoyo, malo otere amawaumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri pomwepo, asanakule. Kuona ndi kuchiza zimachitika pa mpando umodzi. Chithunzi chingathandize kufulumizitsa munthu amene ali ndi chilonda chosapola kuti aonedwe msanga, koma sichilowa m'malo mwa kupimidwa thupi lonse nthawi ndi nthawi.

Chipatala chapafupi, makamaka chikakhala ndi foni

Timakonda kuchipeputsa chipatala chaching'ono cha kwathu. Mzere ndi wautali, nthawi yokambirana ndi yochepa, pena mankhwala kulibe. Koma matenda ambiri a pakhungu amene amavuta anthu kuno ndi omwewomwewo: mphere, chipere, zilonda za mafinya za ana, zithupsa, mafangasi. Medical assistant amene wakhala pa health centre zaka zingapo wawaona kambirimbiri, ndipo ku chipatala cha boma simulipira. Ali ndi manja, ali ndi zoyezera HIV ndi malungo, ndipo amalemba m'buku lanu la kuchipatala.

Chitsanzo ndi chipere cha m'mutu. Makolo ambiri amapaka kirimu miyezi ndi miyezi osaona kusintha, chifukwa fangasiyo imakhala m'kati mwa tsitsi momwe kirimu safika. Pamafunika mapiritsi, kawirikawiri griseofulvin, kwa milungu 6 mpaka 8, ndipo muyeso wake umatengera kulemera kwa mwana. Dokotala wa pa vidiyo atha kuchizindikira chiperecho mosavuta, koma sikelo ili kuchipatala.

Pamwamba pake pali zipatala za pa boma ku Mulanje ndi ku Thyolo, komanso za mishoni monga Mulanje Mission ndi Malamulo, zomwe zimalipiritsa. M'dziko muno muli ma clinical officer amene adakaphunzira mwapadera za matenda a pakhungu ku Moshi m'dziko la Tanzania, pa sukulu imene idatsegulidwa mu 1992 kuti iphunzitse azaumoyo a m'chigawo chino cha Africa. Mukafika pa chipatala cha pa boma, funsani ngati pali amene amaona za pakhungu ndi tsiku limene amaona odwala. Funso lomweli mungalifunse kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu musananyamuke, kuti musapite tsiku lolakwika.

Njira imene ndimaiona yoposa zonse ndi yophatikiza: inu muli pa chipatala chapafupi, wazaumoyo wakugwirani, ndipo iyeyo ndiye akujambula ndi kutumiza kwa katswiri. Amadziwa chofunika kujambula, amalemba nkhani yanu m'chinenero chimene katswiriyo amamva msanga, ndipo katswiri akafunsa kuti "bangalo likumva kukhudza?" kapena "chotupacho n'cholimba?" yankho lilipo pomwepo. Malangizo akabwera, pali munthu woti awatsatire, amene akudziwanso mankhwala omwe ali m'famase tsiku limenelo. Si chipatala chilichonse chili ndi dongosolo lotere, ndipo foni ndi bandulo nthawi zambiri zimakhala za wazaumoyo mwini wake, choncho n'kupempha mwaulemu: "Adokotala, poti ndabwera kangapo osasintha, kodi sizingatheke kuti anzanu a ku Queens aoneko chithunzi?" Ambiri sakhumudwa ndi funso lotere.

Ulendo wa ku Gulupu

Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndicho chachikulu cha dera lathu, ndipo kuli kiliniki ya matenda a pakhungu. Kuchokera pa boma pa Thyolo ndi pafupi, kuchokera ku Mulanje ndi ulendo ndithu kaya mudzere msewu wa Midima kapena wa ku Thyolo, ndipo kwa wochokera ku Muloza kapena kumunsi kwa Thekerani ndi nkhani yogona konko. Thiransipoti imakhala ya anthu awiri, poti wodwala sayenda yekha.

Ulendowu ndi woyenera pamene pakufunika zomwe kwina kulibe: kudula kachidutswa ka khungu kuti kakapimidwe ku labotale, chithandizo cha khansa, kapena matenda amene akana mankhwala a pa boma. Pitani ndi kalata yotumizidwa, buku lanu, ndi machubu onse amene mwapakapo. Apa vidiyo kapena chithunzi chimagwira ntchito ina yofunika, yosefa. Katswiri akaona chithunzi n'kunena kuti "bwerani sabata ino," mumapita mukudziwa kuti ndalama ya ulendo sikuwonongeka. Akati "izi a pa boma atha kuthana nazo," mwapulumutsa ndalama ya feteleza.

Kwa amene ali ndi foni ya mabatani

Chipatala Cha Pa Foni, chimene chidayamba ku Balaka mu 2011 ndipo pano chili m'manja mwa unduna wa zaumoyo, chimayankha pa 54747 kwaulere pa Airtel. Ndi cha mawu okha, sangaone khungu lanu, ndipo ntchito yawo ndi kulangiza. Komabe pa funso loti "izi zingadikire mpaka Lolemba kapena ndinyamuke pompano?" n'chothandiza, ndipo amalankhula Chichewa.

Kirimu wa pa golosale

Kunena zoona, mpikisano weniweni wa vidiyo si chipatala. Ndi kachubu kogulidwa pa msika wa Limbuli, pa Luchenza kapena pa Bvumbwe, kamene wogulitsa amati kamachiza chilichonse. Tembenuzani chubucho muwerenge timalemba tating'ono. Mukaona betamethasone, clobetasol kapena dexamethasone, muli mankhwala amphamvu oziziritsa kutupa. Amaletsa kuyabwa m'masiku awiri, munthu n'kuyamikira. Koma ngati vuto ndi chipere kapena mphere, tizirombo timapitiriza kuswana mwakachetechete, bangalo limakula, ndipo limataya mkombero wake uja umene dokotala amachizindikira nawo. Mukasiya kupaka zimabwerera mwaukali. Opaka nthawi yaitali, kuphatikizapo amene amagwiritsa ntchito mafuta oyeretsa khungu okhala ndi mankhwala omwewa, khungu lawo limapyapyala, limachita mizere, ziphuphu n'kuchuluka.

Izi zikukhudza njira zonse zija, chifukwa khungu losinthidwa ndi kirimu limasokoneza ngakhale katswiri amene ali nalo pamaso, nanji wa pa vidiyo. Chimodzimodzi khungu lotemedwa mphini, lopakidwa zitsamba zotentha, adyo kapena mafuta a mabuleki a galimoto, monga ena amachitira ndi chipere. Dokotala amaona chilonda cha kupsa, matenda enieni atabisika pansi. Ngati mudapaka, nenani. Sakufunsani kuti akudzudzuleni.

Pomwe foni iyenera kuikidwa pansi

Pali zizindikiro zomwe sizifuna kukambirana za bandulo. Munthu amene wayamba mankhwala atsopano m'milungu yapitayi, monga Bactrim, Fansidar kapena ena a khunyu, kenako watuluka zilonda m'kamwa, maso afiira, khungu likuchita matuza ndi kusupuka, ameneyo asiye kudikira yankho la pa WhatsApp, apite kuchipatala tsiku lomwelo ndi mankhwalawo m'manja. Chimodzimodzi mwana wotentha thupi amene watuluka totupa ndipo wafooka, mwendo wotupa, wotentha ndi wowawa umene ukukwera, nkhope ndi milomo zotupa mpaka kupuma kuvuta, ndi mashingozi otuluka pamphumi pafupi ndi diso. Mashingozi alionse, mapiritsi a acyclovir amathandiza kwambiri akayambidwa m'maola 72 oyambirira, choncho kudikira dokotala wa pa foni masiku atatu n'kutaya mwayi. Ndipo poti matenda a mpox adapezeka m'dziko muno mu 2025, matuza a mafinya obwera ndi kutentha thupi ndi mwanabele ayenera kuonedwa ndi azaumoyo amene angatenge zokapima ndi kuteteza ena a pakhomo.

Ndani ali mbali inayo, ndipo chithunzi chikupita kuti

Kuchipatala mumaona nyumba, yunifolomu ndi anzake a dokotalayo. Pa foni mumaona nambala. Dokotala aliyense wochiza anthu m'dziko muno ayenera kukhala m'kaundula wa Medical Council of Malawi, choncho kufunsa dzina lonse ndi chipatala chimene amagwirako ntchito si mwano. Wokana kunena, kapena amene yankho lake pa matenda alionse ndi mankhwala amene iye yemweyo akugulitsa, musamutumizire kanthu pa Airtel Money kapena Mpamba. Gwirizanani mtengo musanayambe, ndipo funsani ngati kuimbanso pakatha milungu iwiri kuli m'kati mwa mtengowo.

Za chinsinsi ndiye zimafuna kusamala kwenikweni, chifukwa foni zambiri kuno ndi zobwerekana. Chithunzi cha ntchafu ya amayi chojambulidwa pa foni ya mwana wa mlongo wawo chimakhalabe m'menemo mpaka wina achifufute, ndipo foniyo mawa ili kotchajitsa pa sitolo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, koma chithunzi chikafalikira m'magulu a WhatsApp a m'mudzi, lamulo silichibweza. Nkhope isaoneke ngati vutolo silili kumaso. Fufutani mukatumiza. Za kumaliseche, makamaka za ana, musajambule n'komwe. Zimenezo n'zokaonetsa m'chipinda cha kuchipatala. Ndipo kuponya chithunzi pa gulu la Facebook kuti anthu anene maganizo awo si kuonana ndi dokotala, ngakhale mayankho atabwera makumi asanu.

Mukamaliza kukambirana ndi dokotala wa pa foni, pemphani kuti akulembereni uthenga wa zinthu zinayi: dzina la matenda amene akuganizira, dzina la mankhwala ndi kamwedwe kapena kapakidwe kake, masiku oyembekezera kusintha, ndi chochita zikapanda kusintha. Funsaninso ngati mankhwalawo amapezeka ku famase za pa boma kapena mpaka ku Limbe, chifukwa ena amalemba mankhwala amene kuwapeza kwake kumafuna ulendo womwe mumauthawa uja. Kenako koperani zonsezo papepala, lembani tsiku, muike m'buku la kuchipatala, kuti wazaumoyo amene adzakuoneni mwezi wamawa adziwe zomwe zidayesedwa kale.